Funsani Aphunzitsi: Ine si mphunzitsi wa cello, ku msonkhano wa aphunzitsi ndipiteko?

Funso

Moni Aphunzitsi. Ndine mayi wa zaka za m'ma 40, ndimakhala ku South Bend ku Indiana ndipo ndimagwira ntchito ya unamwino. Piyano ndinayamba ndili mtsikana, poyamba inali kiyibodi ya kutchalitchi kwathu ku Zomba kenako nditabwera kuno ndinadzaphunzira manotsi bwinobwino, nde piyanoyo ndimayimbako ndithu. Cello, chida chachikulu cha zingwe zinayi chija choyimba ndi uta, ndayamba ukulu uno ana atakula, ndimayikonda koopsa koma ndikadali kutali. Tsopano aphunzitsi anga a cello akuti tipitire limodzi ku msonkhano wa ASTA, akuti ndikapindula, koma ine mtima sukukhazikika chifukwa anthu ake ndi aphunzitsi okhaokha a madigiri awo pamene ine ndimangoyimba kuchipinda ndikaweruka, ndiye ndikakhala ngati ndasochera eti? Komanso ndalama yake si yochepa ukaphatikiza hotela. Ndikapezako chiyani ine? Cello ndinyamule? China, ndikamayimba cello mnzanga ali pa piyano pena zimamveka ngati sizikugwirizana olo nditatchuna bwinobwino, vuto ndi khutu langa kapena?

Mayi wa ku South Bend

Yankho

Achemwali pitani, ndipo aphunzitsi anuwo muwathokoze chifukwa si onse amaganiza zotenga wophunzira wamkulu kupita naye kumeneko.

ASTA ndi American String Teachers Association, bungwe lomwe linayamba mu 1946, la anthu ophunzitsa vayolini, viola, cello, double bass, komanso harp ndi gitala. Msonkhano wawo waukulu umachitika kamodzi pachaka chakumapeto kwa nyengo yozizira, nthawi zambiri mu Malichi, umatenga masiku ngati anayi ndipo umasinthasintha mizinda, mu 2023 unali ku Orlando, mu 2024 ku Louisville. Pakhomo amangoona baji basi, za digiri palibe amafunsa. Mkati mumakhala maphunziro ambirimbiri nthawi imodzi m'zipinda zosiyana, makonsati, ma orchestra a ana asukulu ochokera m'madera osiyanasiyana, ndi holo yaikulu ya ogulitsa zida ndi mabuku. Anthu amakhala ochuluka moti aliyense amakhala akuthamangira chipinda chake, woti akhale pansi nkumawerenga kuti uyu amaphunzitsa uyu saphunzitsa palibe.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Mwati si inu mphunzitsi, chabwino, nanga aphunzitsi anu mumaonana nawo kangati? Mwina ola limodzi pa sabata. Masiku ena onsewo mukakhala nokha kuchipinda ndi cello, amene amaona kuti phewa lakwera ndani, amene amasankha kuti pano ndibwereze kapena ndipitirire ndani? Ndinu nomwe. Ntchito ya uphunzitsiyo mukuigwira kale kungoti palibe anakuuzani kagwiridwe kake, ndipo msonkhano umenewu nkhani yake yonse ndi yomweyo, kuona vuto, kudziwa chayambitsa, nkulidula tizidutswa toti munthu angakwanitse lero. Mwana wa zaka 7 amakhala ndi mayi ake omuyang'anira pulakatisi, munthu wamkulu alibe, nde nzeru za aphunzitsizo mukuzifuna kuposa mwanayo.

Chifukwa chake posankha zipinda zolowa musakopeke ndi mayina akuluakulu okha. Kalasi yomwe katswiri akuwongola mwana wa ku yunivesite pa concerto yovuta ndi yokoma kuonera, lowani imodzi mumve kukoma, koma simutengako zambiri zoti mukagwiritse ntchito Lolemba. Pezani maphunziro a oyamba kumene, a kagwiridwe ka uta, a kakhalidwe pampando, a kusuntha dzanja lamanzere kuchoka malo ena kupita ena, a vibrato, a kupewa kuvulala, ndipo mukaona pa pulogalamu mutu wokhudza ophunzira achikulire musauphonye olo utakhala 8 koloko m'mawa. Phunziro la aphunzitsi a vayolini musalithawe, zambiri za dzanja la uta ndi zofanana. Mukalowa khalani kutsogolo ndipo maso akhale pa mphunzitsiyo osati pa mwana akuyimbayo, muone kuti mwana walakwitsa zinthu zisanu koma mphunzitsi wasankha chimodzi chokha, mudzifunse kuti wasankhiranji chimenecho. Kawirikawiri amasankha chomwe chili kumayambiriro kwa zinazo, mwina mapazi sanaponde bwino, mwina endpin, kachitsulo koimikira cello pansi kaja, yafupika ndiye msana wapindika, ndipo akakonza chimenecho zina zija zimachoka zokha.

Mayina ena mukawamva kambirimbiri nde bola muwadziwiretu. Paul Rolland, wobadwira ku Budapest mu 1911, anaphunzitsa ku University of Illinois ndipo anali m'gulu la anthu oyambitsa ASTA yomweyo. Iyeyu anatsindika kuti kuyimba chida cha uta ndi nkhani ya kayendedwe ka thupi lonse, munthu asaume, kulemera kwa thupi kuzisuntha, mkono uziyenda momasuka kuyambira tsiku loyamba, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anachita kafukufuku ndi ana nkujambula mafilimu oonetsa njira yakeyo. Kwa munthu wamkulu ngati inu Rolland ndi wofunika kwambiri chifukwa vuto la akuluakulu sikusamva, ndi kuuma thupi chifukwa choopa kulakwitsa. Wina ndi Shinichi Suzuki wa ku Japan, yemwe sukulu yake inali ku Matsumoto, iye ankati mwana aphunzire kuyimba mmene amaphunzirira chilankhulo cha mayi ake, kumva kaye, kutsanzira, manotsi pambuyo, ndipo ana ake atabwera kudzayimba ku America mu 1964 aphunzitsi ambiri anasintha maganizo. Palinso Colourstrings ya Géza Szilvay wa ku Helsinki, yomwe inachokera ku maganizo a Zoltán Kodály oti mwana aziyimba ndi pakamwa kaye, ndi doh re mi. Apa nde mukaseka ndi chimwemwe chifukwa sol-fa yomwe munakulira nayo kukwaya ku Zomba ndi yomwe aphunzitsi ena kumeneko akuvutika kuti ailowetse m'makalasi mwawo. Ndipo poti muli ku Indiana mukamvanso za Janos Starker, katswiri wa cello yemwe anaphunzitsa ku Indiana University ku Bloomington kuyambira 1958 mpaka kumwalira kwake mu 2013, ophunzira ake ndi ophunzira a ophunzira ake ali ponseponse.

Aphunzitsiwa amatsutsana, muyembekezeretu zimenezo. Wina akati matani timapepala pa khosi la cello kuti wophunzira aziona poika chala, chipinda chinacho wina akuti ayi timapepala timapha khutu. Wina akuti yambani ndi uta, wina akuti yambani ndi kukodola zingwe ndi chala. Musabwere kunyumba nkusintha zonse tsiku limodzi, lembani, madzulo mukambirane ndi aphunzitsi anu poti mukhala nawo komweko, iwo amalidziwa dzanja lanu pamene wolankhula uja sanakuoneni nkomwe mukuyimba. Ine ndinganene kuti musankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zoti muyesere miyezi ikubwerayi.

Tsopano za piyano, apa ndikhalitsepo chifukwa piyanoyo ikukuthandizani komanso ikukupusitsani nthawi yomweyo. Ikukuthandizani chifukwa bass clef, kalembedwe ka manotsi a mawu apansi, mumaiwerenga kale, nthawi mumaisunga, mukaona manotsi mumamva kuti nyimbo ikupita kuti, zinthu zomwe anzanu oyamba cello amalimbana nazo zaka. Koma maso anu ali patsogolo kwambiri kuposa manja anu, nde mumatha kutenga nyimbo yoti kuwerenga mukuiwerenga bwinobwino koma uta sunafikepo, mapeto ake mumayimba manotsi olondola ndi mawu owuma. Pa piyano ukangomenya kiyi ntchito yatha, mawu amayamba kuzilala okha, ndipo oyimba piyano amazolowera kuganiza za chiyambi cha noti basi. Pa cello noti imakhala moyo nthawi yonse imene uta ukuyenda, ndipo zinthu zitatu ndi zomwe zimapanga mawuwo, liwiro la uta, kulemera kwa mkono, ndi malo omwe uta wakhudza chingwe, pafupi ndi bridge, kathabwa konyamula zingwe kaja, kapena kutali. Mukasintha chimodzi zinazo ziyenera kusintha. Phunziro lililonse lomwe likukamba za zitatuzi lowani. Chinanso, anthu a piyano amakonda kufinya khosi la cello ndi chala chachikulu ngati akufuna mawu amphamvu, pamene mphamvu ya mawu ili kudzanja lamanja, lamanzere limangofunika kulemera kokwanira kuti chingwe chifike pansi. Manambala a zala nawonso amasokoneza poyamba, pa piyano 1 ndi chala chachikulu, pa cello 1 ndi chamkombaphala.

Za kusagwirizana mwafunsazo, khutu lanu lilibe vuto, likumva zoona. Zingwe za cello ndi A, D, G, C, mpata wa pakati pa zingwe ziwiri zoyandikana umatchedwa fifth, ngati wa doh ndi soh, ndipo timatchuna kuyambira pa A nkumatsika, zingwe ziwiriziwiri mpaka zimveke zosalala popanda kunjenjemera. Koma piyano saitchuna choncho. Kuti iziyimba m'makiyi onse 12, otchuna amapanikiza pang'ono mpata wa fifth iliyonse. Mpata wa pakati pa makiyi awiri oyandikana amaugawa magawo 100 otchedwa ma cent, ndiye fifth ya piyano ndi ma cent 700 pamene yosalala ya khutu ndi pafupifupi 702. Kusiyana kwa 2 nkochepa, koma kuchoka pa A kufika pa C mwadutsa katatu, nde C wanu amakhala wotsika ndi ma cent pafupifupi 6 poyerekeza ndi wa piyano, ndipo zimenezo zimamveka. Mukamayimba ndi piyano tengani A, tchunani, kenako mnzanuyo amenye C ndi G wapansi muyerekeze nkukweza pang'ono. Pa third, mpata ngati wa doh ndi mi, nde kusiyana nkwakukulu, major third ya piyano ndi yotambasuka ndi ma cent pafupifupi 14 kuposa yomwe kwaya yabwino imayimba yokha popanda chida, chifukwa chake F sharp amene amakoma mukamayimba pamwamba pa chingwe cha D chosagwira amatha kumveka wotsika piyano ikalowa. Palibe wolakwa pamenepo, koma piyano singasunthe nde wosuntha ndinu. Mukamayeserera nokha muzimvera cello yomweyo, mukaika chala chachinayi pa chingwe cha A nkupeza D weniweni, chingwe cha D chapafupicho chimayamba kunjenjemera chokha osachikhudza, mutha kuchiona ndi maso, ndipo mawu amatseguka. Chimodzimodzi G pa chingwe cha D. Pulogalamu ya pafoni yotchunira ija muziigwiritsa ntchito poyamba pokha kenako muziitembenuza.

Ndipo mukakafika musabise kuti mumayimba piyano. Aphunzitsi a zingwe nthawi zonse amasowa munthu woperekeza ana awo pa konsati kapena pa mayeso, munthu wodekha woti mwana akalumpha mzere amutsatire osakwiya, ndipo woyimba piyano yemwe amadziwa kuti kusintha uta kumatenga kanthawi, yemwe amadziwa kuti pakufunika kudikira dzanja lisunthe, ndi wosowa. Mawu a cello ali pakatikati ndi pansi pomwe pali dzanja lamanzere la piyano nde nkosavuta kumukwirira mnzako, inuyo mukudziwa mbali zonse ziwiri, mukudziwa kuchepetsa pedulo ndi kupepuza dzanja lamanzere. Paja amati mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa. Aphunzitsi ambiri anayamba ali ana ndipo sakumbukiranso mmene zimamvekera kusadziwa kugwira uta, inu mukukumbukira chifukwa ndi dzana lomweli, mukakweza dzanja nkunena kuti ine ndinayamba ndili wamkulu ndipo chomwe chimandivuta ndi chakuti, mudzaona anthu akutembenuka nkumalemba. Komanso ndinu namwino, za minyewa ya phewa ndi dzanja mukudziwa kuposa ambiri m'chipindamo.

Zoti woyimba mongokonda ndi munthu wapansi, zimenezo zichotseni m'mutu, nyimbo zina za cello ndi piyano zomwe akatswiri amanyadira lero zinaperekedwa kwa anthu ngati inu. Beethoven analemba ma sonata ake awiri oyamba a cello mu 1796 ali ku Berlin nkuwapereka kwa mfumu Friedrich Wilhelm II ya ku Prussia, yomwe inkayimba cello mongokonda. Yachitatu anaipereka kwa mnzake Ignaz von Gleichenstein, nayenso woyimba cello wapanyumba. Brahms sonata yake yoyamba anaipereka kwa Josef Gänsbacher, mphunzitsi wa kuyimba ndi mawu yemwe cello inali ya nthawi yopuma. Anthu amenewa sanali kudya za cello koma olemba nyimbo ankawalemekeza.

Za ndalama, mamembala amalipira zochepa ndipo olembetsa msanga amalipiranso zochepa, nde werengerani ngati kulowa umembala kungakupulumutseni. Hotela ya msonkhano imakhala yodula, gawanani chipinda ndi wina kapena pezani yapafupi yoyenda wapansi, ndipo nyamulani kamba wanu chifukwa chakudya cha m'malo amenewa chimadula. Holo ya ogulitsa ija ndiye mukasamale nayo. Yesani chilichonse, ndi mwayi wosowa kugwira ma cello ndi mauta ambiri tsiku limodzi nkumva kusiyana kwake, funsani za zingwe, mukamva mayina ngati Larsen ndi Jargar a ku Denmark, Spirocore ya ku Vienna, D'Addario ya ku New York, ndipo ambiri amasakaniza, Larsen pa A ndi D, Spirocore pa G ndi C. Koma holoyo imakhala ya phokoso moti simungamve bwino chida, nde musagule cello kumeneko tsiku lomwelo, funsani ngati angakulolezeni kukayesera kunyumba sabata imodzi, masitolo ambiri a zida zimenezi amatero.

Cello munyamule ngati mukupita pa galimoto. Pamakhala maphunziro oti aliyense atulutse chida ayesere pomwepo, ndi ena owerenga nyimbo zatsopano pagulu, ndipo kukhala pakati pa anthu 20 kapena 30 a cello nonse mukukoka chingwe cha C limodzi ndi chinthu choti mudzachimve m'chifuwa, khalani mzere wakumbuyo, pomwe pavuta siyani mulowenso kutsogolo, palibe akumvetsera inu. Musaisiye m'galimoto kunja kukuzizira, ndipo m'chikwama chake muikemo kachonyowetsa mpweya chifukwa zipinda za hotela nthawi yozizira zimakhala zouma moti thabwa limatha kung'aluka. Ngati ndi pa ndege onani yankho lachitatu m'munsimu.

Funso

Aphunzitsi, ine ndili ku Luton, mwana wanga wamkazi amaphunzira cello kusukulu ndipo ndimamuperekeza pa kiyibodi kunyumba, mpaka nane ndayamba kusilira. Kuno ku UK zoterezi ziliko? Zaka 50 sindinachedwe?

Bambo wa ku Luton

Yankho

Bambo ziliko. Ku Ulaya kuli ESTA, European String Teachers Association, yomwe inayamba mu 1972 ndipo ili ndi nthambi yake ku UK, imachititsa misonkhano ndi maphunziro a aphunzitsi. Koma kwa inu ndingayambe ndi zina. Pafupi nanu pompo ku Hitchin kuli Benslow Music, malo omwe amachititsa maphunziro a masiku ochepa a anthu akuluakulu oyimba mongokonda, ogonera konko. Ku London kuli East London Late Starters Orchestra, ndipo mbiri yake ikufanana ndi yanu, inayambitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi makolo omwe ana awo ankaphunzira zida za zingwe m'masukulu a ku Tower Hamlets, makolowo ataona ana akuyimba anati nafenso tiyese. Amalandira munthu olo asanagwirepo chida.

Zaka 50 simunachedwe, chomwe chimafunika ndi mphunzitsi kuyambira tsiku loyamba chifukwa kagwiridwe ka uta kolakwika kamavuta kuchotsa, ndi mphindi 20 tsiku lililonse m'malo mwa maola atatu Loweruka lokha. Musagule kaye, chitani lendi miyezi ingapo. Cello ya mwanayo ngati ndi yaing'ono ya saizi 1/2 kapena 3/4 musaphunzirirepo, mipata ya zala ndi yosiyana, inu mukufunika yaikulu ya 4/4. Ndipo chonde mukayamba musasanduke mphunzitsi wachiwiri wa mwanayo, mulekeni iyeyo azikuwongolani, ana amalimbikira kwambiri akaona kuti pali chomwe akudziwa kuposa bambo awo.

Funso

Ndikufuna kupita ndi cello yanga kumudzi pa Khirisimasi ndikayimbe kutchalitchi, pa ndege zimayenda bwanji?

Mtsikana wa ku Johannesburg

Yankho

Mwana wanga njira zilipo ziwiri. Yotetezeka ndi kuigulira mpando wake, makampani ambiri a ndege amalola, imakhala pawindo pafupi nawe atayimanga lamba, koma uyenera kuwaimbira foni pogula tikiti chifukwa pa intaneti nthawi zambiri sizitheka, ndipo ufunse za ndege iliyonse ya ulendowo ngati ukusintha panjira. Yachiwiri ndi kuiponya ku katundu, zomwe ungachite pokhapokha uli ndi chikwama cholimba chopangidwira maulendo a ndege, chikwama wamba cholimba sichokwanira. Ukatero masula zingwe pang'ono chabe, osati zonse, chifukwa mkati mwa cello muli kamtengo koimirira kotchedwa soundpost komwe sikomata ndi guluu, kamagwiridwa ndi kupanikiza kwa zingwe, ukamasula kwambiri kamagwa ndipo kuimikanso kumafuna mmisiri wake ndi kachitsulo kake. Ika nsalu zofewa kuzungulira bridge ndi pansi pa tailpiece, pomwe zingwe zimamangiriridwa kumunsi, kuti chida chisagwedere mkati.

Uta uusamalenso. Mauta ambiri abwino amapangidwa ndi mtengo wa pernambuco wa ku Brazil womwe uli pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa wa pangano la mayiko lotchedwa CITES kuyambira 2007, ndipo ena akale amakhala ndi kachidutswa ka mnyanga wa njovu kunsonga komwe kangakuvutitse pa chipata, nde poyenda bola kutenga wa carbon fibre, sumva chinyezi komanso suthyoka msanga. Disembala kwathu ndi mvula, mpweya wonyowa umatupitsa zikhomo zotchunira mpaka kukakamira ndipo ubweya wa uta umalefuka, usakakamize chikhomo ndi mphamvu, chikoke pang'ono kunja uku ukupotoza. Tenga zingwe zapadera makamaka A poti ndi yomwe imaduka msanga, rosin, utomoni wopaka pa ubweya wa uta uja, ndi kolimbitsira endpin chifukwa pa simenti ya m'tchalitchi imaterereka. Ukafika itsegule m'chipinda momwe uziyimbira ikhale ola limodzi usanatchune, ndipo ufunse woyimba kiyibodi ngati sanasinthe transpose, batani lokweza kapena kutsitsa mawu lija, usanatenge A wake.